Haleluya ya Handel: tikuyimba kapena tikungokuwa?

LimbaLaNchalo
Akuluakulu, ndili ndi dandaulo, ndipo ndikudziwa kuti ena mundida nalo. Khirisimasi yayandikira, makwaya a kuno kuchigwa ayambanso kuphunzira Haleluya ya Handel, wopeka nyimbo wakale wobadwira ku Jeremani. Chaka ndi chaka nkhani ndi imodzimodzi: wa kiyibodi amayatsa biti ya makina ija, kwaya n'kuyamba kukuwa kuchokera pa noti yoyamba mpaka yomaliza, liwiro losaneneka. Ine ndinaphunzira piyano ndi kuwerenga manotsi, ndakhala ndikuliza limba m'tchalitchi kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuti vuto si mawu athu. Mawu tili nawo, mabesi a ku Nsanje sapezeka paliponse. Vuto n'loti sitikhala pansi kuiona nyimboyo mmene inamangidwira. Kodi kwayamasitala sayenera kuyamba waisanthula nyimbo asanaiphunzitse? Kapena bola aliyense wagwira mzere wake wa solofa, basi zatha?

Kabaza_Ngabu
Bambo a limba, biti imene mukuidayo ndi imene imadzutsa anthu. Kutentha kwa Disembala kuno, denga la malata, muizimitse muone ngati theka la mpingo silikuwodzera.

MayiAlito_Bangula
Owodzera awodzere. Ife oyimba ndi amene timaona zakuda. Pofika pa "Mfumu ya mafumu" mpweya umakhala utatha kale, masopulano akungotulutsa kamawu kowonda, ena angotsegula pakamwa kuti aoneke ngati akuyimba. Ndikadandaula amati mayi mwakalamba.

LimbaLaNchalo
Mayi, mwagunda pomwe pali nkhani. Tiyeni tiitsegule nyimboyi.

Ili mu kiyi ya D, ndipo si chingwe chimodzi chachitali ayi, ndi zigawo zingapo zosiyana khalidwe. Poyamba magulu onse anayi amafuula Haleluya limodzi, mawu afupiafupi okhala ndi timipata pakati. Kenako pa mawu oti Ambuye Mulungu Wamphamvuyonse akulamulira, onse amasiya hamoni n'kuyimba chuni chimodzi, amuna m'munsi, akazi pamwamba. Mphamvu ya pamenepo ili mu umodziwo. Akatero Handel amatenga ziwirizi n'kuziphatikiza: gulu lina likuyenda ndi chuni chachitali chija, ena akuponya ma Haleluya m'mbali. A Haleluyawo akakuwa kuposa a chuni, womvera amangomva chisokonezo.

Ndiye pamabwera malo amene makwaya athu amapha kwambiri, pa mawu a ufumu wa dziko lapansi. Apa nyimbo imafatsa, masopulano akutsetsereka so fa mi re do motsitsa mawu, n'cholinga choti pamene mawu akuti wasanduka ufumu wa Ambuye wathu, kwaya ilumphire m'mwamba mwadzidzidzi. Ngati munali mukukuwa kale, mulumphira kuti?

Kenako mabesi okha amayambitsa "adzalamulira kunthawi za nthawi", matena n'kulowa ndi chuni chomwecho, maalito, pomaliza masopulano. Gulu lililonse likamalowa liyenera kumveka, amene analowa kale apatuke pang'ono. Pa "Mfumu ya mafumu" akazi amagwira so nthawi yaitali, kenako masopulano amakwera do wapamwamba, re, mi, fa, makwerero amodziamodzi. Amene wawononga mpweya pa tsamba loyamba safika pa fa ameneyu. Kumapeto kwenikweni kwaya yonse imadukiza zii, kenako Haleluya womaliza pang'onopang'ono, kuchoka pa hamoni ya fa kubwerera pa ya do, monga mmene timatsekera ndi Ameni.

Tsono ndiuzeni, biti ya makina idziwa bwanji kuti apa tafatsa, apa takhala chete? Imangogunda basi.

Tena_waMakhanga
Pa zii pajapo ndi pomwe nthawi zonse pamapezeka munthu mmodzi wolowa yekha. Kwathu anali bambo ena a besi, mpingo wonse kuseka.

MbuyaWaTengani
Ine ndiye ndikudabwa nanu. Nthawi yonseyi mukuithera pa mzungu amene anamwalira mu 1759, sanamweko madzi a Shire ngakhale kamodzi. Valimba, chida chathu chija cha matabwa ndi zikho, ikutha pamaso pathu, utse ndi likhuba ana akuziona pa tsiku la alendo okha. Ndani akusanthula zimenezo? Kapena kusanthula kumayenera nyimbo zolembedwa papepala zokha?

Tena_waMakhanga
Mbuya musakwiye, koma valimba ndi yosachunidwa. Tinayesapo kuiphatikiza ndi kiyibodi pa ukwati wina, zinakanika. Tinasinthasintha makiyi onse, palibe inalowa.

MbuyaWaTengani
Yosachunidwa ndi makutu anuwo, achimwene.

Aphunzitsi_aSayansi
Imani kaye, musanatukwanane. Onse awiri mwamva zoona, koma a Tena mwaweruza molakwa. Valimba ndi yochunidwa bwinobwino, kungoti muyeso wake ndi wina.

Kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba, kiyibodi imagawa mtundawo m'magawo 12 ofanana. Akatswiri amati gawo lililonse ndi masenti 100, onse pamodzi 1200. Pa do re mi fa so la ti ena mwa makwerero ndi aakulu, 200, pomwe mi kupita ku fa ndi ti kupita ku do ndi aang'ono, 100. Valimba ya Asena imagawa mtunda womwewo m'makwerero 7 oyandikira kufanana. Gawani 1200 ndi 7, mupeza pafupifupi 171. Ndiye mukagwirizanitsa noti yoyamba, yachiwiri yatsalira kale, yachitatu yagwera pakati pa makiyi awiri a kiyibodi. Mungadine batani lililonse, sizidzakumana.

Malume anga amasema valimba cha ku Chiromo, ndinakula ndikuwaona. Amatenga thabwa, kuligogoda, kumvetsera, kenako kasemasema. Akafuna litsike mawu amapala pakati chakunsi, akafuna likwere amapala kunsonga. Chikho cha pansi pake amachidula pakamwa pang'onopang'ono mpaka chiyankhe thabwa lakelo, n'kuboola kabowo m'mbali, kumata kachikopa koyera kaja kamene kangaude amasungiramo mazira, kuti mawu azinjenjemera. Masiku ano ena amamata kapulasitiki kopyapyala, malume amati kamalira mwaulesi. Thabwa limodzi limatha kuwadyera masana onse. Munthu wotere mungamuuze kuti sadziwa kuchuna?

Komanso azunguwo magawo 12 ofananawa sanabadwe nawo. Anakangana zaka mazanamazana za kachunidwe ka limba. Pamene Bach, wopeka nyimbo wa ku Jeremani, ankamaliza buku lake loyamba la Well-Tempered Clavier mu 1722, loyenda m'makiyi onse 24, nkhani inali yomweyo yopeza kachunidwe koti kiyi iliyonse imveke bwino pa chida chimodzi.

LimbaLaNchalo
Takhuta aphunzitsi. Ndipo Mbuya, sindikutsutsana nanu. Kusanthula kumene ndikunenaku oyimba valimba amachita tsiku lililonse, kungoti amachita ndi manja. Akakhala atatu pa valimba imodzi, wa matabwa aakulu amadziwa kuti ntchito yake ndi maziko, wa pakati ndiye wanyamula nyimbo, wa matabwa aang'ono amalowa m'mipata imene anzake asiya. Palibe amene amamenya mwamphamvu kuti amize mnzake, chifukwa aliyense amadziwa zimene winayo akuchita. Kwaya zathu ndi zimene zilibe nzeru imeneyi. Wa alito amadziwa mzere wake wokha, mukamufunsa kuti besi ili pati panopa, amangokuyang'anani.

MayiAlito_Bangula
Nanga timaphunzira bwanji? Maalito pansi pa mtengo wa nimu, matena kuseri kwa tchalitchi, timakumana Loweruka lomaliza. Tidziwa bwanji za anzathu?

Kabaza_Ngabu
Inu mukukamba za makiyi 24, ife kiyibodi yathu inapsa adaputa mwezi watha magetsi atabwera mwamphamvu. Alipo akudziwa kumene ndingapeze ya 12V yosakhala yabodza? Pa Ngabu ndayendayenda, ndi zotentha ngati mbaula.

Tena_waMakhanga
Pitani ku Limbe achimwene, kapena mutume wa minibasi wodalirika. Koma onani kaye chizindikiro cha pulasi ndi mayinasi kumbuyo kwa kiyibodi, ena anawotcha Yamaha yatsopano chifukwa cha zimenezo. Ife tinangogula batire ndi sola.

NyaKhobwe
Inu muli ndi mwayi muli ndi choti chipse. Kwathu madzi a 2015 anatenga zonse, mabuku a nyimbo, mabenchi, ndi kalimba kopopa ndi mapazi kamene kanali m'tchalitchi chiyambire makolo athu. Tinayambiranso, Freddy mu 2023 n'kudzamalizitsa. Panopa timayimba ndi pakamwa, noti yoyamba timatengera pa foni.

Kabaza_Ngabu
Pepani achemwali. Msewu wa kumeneko wayambano kuyendeka kapena mukuwolokabe pa bwato?

Adimini_Chigwa
Za misewu ndi maadaputa zili ndi malo ake. Tibwerere ku nyimbo chonde.

GogoSolofa
Ana anga, ndawerenga zonse, ndilankhuleko monga munthu amene waphunzitsa solofa kuyambira tili ndi modyuleta, tchati chija cha do re mi chopachika pakhoma.

Choyamba, musanyoze solofa. Inayambira ku England, mayi wina wa ku Norwich dzina lake Sarah Glover ndiye anaikonza, m'busa John Curwen n'kuifalitsa, amishoni n'kubwera nayo kuno. Cholinga chake chinali choti anthu wamba opanda piyano aziwerenga nyimbo. Ndipo solofa payokha ndi kusanthula kale, chifukwa imakuuza ntchito ya noti: ti amafuna kukwera kupita ku do, fa amafuna kutsikira ku mi, so ndi mzati. Mwana wodziwa zimenezi amamva kumene nyimbo ikulowera. Chimene chinatayika ndi choti masiku ano kwayamasitala amangojambula mzere pa foni n'kutumiza pa WhatsApp, anthu kuloweza ngati ndakatulo ya kusukulu.

Chachiwiri, a NyaKhobwe musadzimvere chisoni kuti mulibe chida. Kwaya yoyimba popanda kiyibodi imaphunzira kumverana msanga kuposa yobisala kuseri kwa sipika.

Chachitatu, anthu amaganiza kuti Haleluya imafuna khamu. Messiah, ntchito yaikulu ya Handel mmene muli Haleluyayo, inayimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742, ndi kwaya yaing'ono ya amuna ndi anyamata ochokera ku makatedulo awiri a mumzindawo. Sinali pa Khirisimasi, inali nyengo ya Pasaka, ndipo sinali m'tchalitchi koma mu holo. Ndalama zake zinathandiza zipatala ndi kumasula anthu amene anali m'ndende chifukwa cha ngongole. Holoyo inali yaing'ono moti anapempha amayi kuti asavale madiresi awo otambalala aja, abambo asabwere ndi malupanga, kuti anthu akwane. Haleluyayo ndi kachigawo chabe kotsekera gawo lachiwiri la ntchito ya magawo atatu, mawu ake ndi a m'Chivumbulutso 19 ndi 11. Handel anailemba Messiah yonse m'masiku 24 mu 1741.

Kabaza_Ngabu
Masiku 24 kulemba, ife miyezi itatu kuphunzira masamba asanu. Agogo mwatichititsa manyazi.

Tena_waMakhanga
Chabwino, funso langa ndi ili. Masopulano athu safika pamwamba paja. Ndikatsitsa kiyi pa batani la transpose kuchoka pa D kupita pa C, ndachimwa?

LimbaLaNchalo
Simunachimwe, koma samalani. Nthawi ya Handel zida zinkachunidwa motsikirapo kusiyana ndi lero. Masiku ano noti ya A imanjenjemera ka 440 pa sekondi, pomwe kachitsulo kochunira ka Handel, kamene kakusungidwabe, kamanjenjemera pafupifupi ka 422. Ndiye mukatsitsa ndi theka la sitepe muli pafupi ndi zimene iye ankamva. Kupitirira apo mumapulumutsa masopulano n'kukwirira maalito ndi mabesi, nyimbo imada. Anasankha D chifukwa malipenga a nthawi imeneyo, opanda mabatani, ankawala bwino mu kiyi imeneyo. Ine ndimatsitsa theka basi, zotsalazo ndi kuphunzitsa kupuma.

MwanaWaChikwawa_Joni
Ndikulemba ndili ku Johannesburg, ndimayimba vayolini mu kagulu ka achinyamata kuno. Bambo a limba ndikukulemekezani, koma pena mukuumitsa zinthu. Mukuyankhula ngati pali njira imodzi yolondola. Handel mwiniwake ankasintha Messiah malinga ndi oyimba amene wapeza chaka chimenecho, nyimbo ya besi kuipereka kwa alito, ina kuifupikitsa. Mozart mu 1789 anaitenga n'kuwonjezamo zida zimene munalibe, monga makilaneti. Ngati Mozart anawonjezera zake, chifukwa chiyani wa ku Ngabu asawonjezere ng'oma?

LimbaLaNchalo
Ng'oma ya munthu sindikuikana, mwana wanga. Mu Haleluya muli kale ng'oma, Handel anaikamo matimpani. Woyimba ng'oma ali ndi makutu, amafatsa kwaya ikafatsa, amaima ikaima. Bweretsani mnyamata wa ng'oma za likhuba, ndimuonetse pomwe pali zii, mudzamva zokoma. Chimene ndikukana ndi makina. Ndipo Mozart asanawonjezere kalikonse anali ataidziwa nyimboyo mkati ndi kunja. Sinthani mukudziwa chimene mukusintha.

NyaKhobwe
Koma inu ophunzira, kusanthulasanthulaku sikupha kukoma? Ine ndikamayimba ndimafuna mtima ugwidwe, osati kuwerenga kuti apa fa apa so.

MwanaWaChikwawa_Joni
Achemwali, nanenso ndinkamva anzanga akunena zomwezo, koma yesani izi. Pezani symphony (nyimbo yaitali ya gulu la zida zambiri) yachisanu ya Beethoven pa YouTube, ija imayamba ndi kugogoda kufupi katatu kenako kutalika kamodzi. Mvetserani gawo loyamba mukusaka kagundidwe kameneko basi. Mudzapeza kuti pafupifupi paliponse kalipo, pena m'mavayolini, pena m'malipenga, pena pansi penipeni pa mabesi. Mukakazindikira simungathenso kuimvera muli phee, mumakhala mukudikira kuti katulukira pati. Inayimbidwa koyamba ku Vienna mu 1808, nthawi imene makutu ake anali atayamba kale kufa. Pofika 1824, pa symphony yachisanu ndi chinayi, anachita kumutembenuza kuti aone anthu akuwomba m'manja. Munthu ameneyu ankamva nyimbo yonse m'mutu chifukwa ankadziwa mmene zidutswa zake zimalumikizirana.

GogoSolofa
Kusanthula kumachitika Lachitatu pa pulakatisi. Lamulungu umangoyimba.

MbuyaWaTengani
Zonsezi ndamva, koma funso langa silinayankhidwe. Beethoven, Mozart, Handel, mayina awo mukuwadziwa mpaka tsiku. Wopeka nyimbo za valimba mmodzi yekha mungamutchule?

Aphunzitsi_aSayansi
Apa Mbuya mwatigwira. Komabe pali zina zinasungidwa. Hugh Tracey anajambula nyimbo mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo za Amang'anja, ndipo zili ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa, komwe kale kunkatchedwa Grahamstown. Mwana wake Andrew Tracey analemba za valimba ya Kambazithe Makolekole ndi gulu lake mu 1991, noti ndi noti, dzanja ndi dzanja. Gerhard Kubik wa ku Vienna wakhala akufufuza nyimbo za m'Malawi kwa zaka zambiri, mpaka ankayimba mu bandi ya Donald Kachamba wa ku Chileka. Chowawa n'choti zolembazi zili m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, kutali ndi eni nyimbo.

MwanaWaChikwawa_Joni
Ndipo mtsinje sunayende mbali imodzi yokha. György Ligeti, mmodzi mwa opeka nyimbo akuluakulu a zaka 100 zapitazi, ananena yekha kuti nyimbo zake za piyano zimene anayamba kutulutsa mu 1985 zinatengera nzeru ku mayimbidwe a ku Africa kuno. Anamva zimene Simha Arom anajambula ku Central African Republic, anawerenganso za Kubik. Chimene chinamukopa ndi chija bambo a limba anena, choti anthu angapo akamalowerana m'mipata, khutu limamva nyimbo ina imene palibe mmodzi mwa iwo akuimenya. Steve Reich wa ku America anapita kukaphunzira ng'oma ku Ghana mu 1970. Ndiye oyimba piyano a ku Ulaya akutuluka thukuta ndi zinthu zimene ku Nsanje zimachitika pa maliro usiku.

MbuyaWaTengani
Eya, anatenga. Anabweza chiyani?

Tena_waMakhanga
Mbuya lero simukugonja.

LimbaLaNchalo
Asagonje, akunena zoona. Koma pali chimodzi chimene ine ndimalimbana nacho, ndipo mwina Agogo andithandiza. M'malamulo a hamoni amene ndinaphunzira, magulu awiri saloledwa kuyenda limodzi atatalikirana ndi makwerero asanu, monga do ndi so kupita ku re ndi la. Mphunzitsi amalemba ndi cholembera chofiira. Cholinga chake n'choti mzere uliwonse uzimveka pawokha, monga mu nyimbo za Bach. Koma amayi a kwathu akamayimba pa mtondo kapena pa maliro, amayenda limodzi chomwecho mwachibadwa, ndipo zimakoma. Tsono kwaya ikabweretsa nyimbo yopeka yokha kuti ndiikonze, dzanja langa limathamangira kuchotsa zimenezo. Ndichotse kapena ndisiye?

GogoSolofa
Siyani. Lamulo limenelo ndi la nyumba ya Bach. Mukamayimba Bach litsateni, mukamayimba ya amayi a ku Tengani tsatani la amayiwo. Ine ndaona nyimbo zabwino za maliro zitawongoledwa mpaka kumveka ngati zomasuliridwa, eni ake osazizindikiranso. Cholakwika chenicheni ndi chimene oweruza ena amachita pa mipikisano, kudula mapointi nyimbo yachikuda chifukwa sinatsate buku la ku London.

MwanaWaChikwawa_Joni
Debussy, wopeka nyimbo wa ku France, anaswa lamulo lomwelo dala, anthu n'kumutcha katswiri.

MayiAlito_Bangula
Ine zimene ndatolapo ndi zoti Lachitatu ndikauza kwayamasitala kuti tonse tiphunzire kaye mzere wa besi wa "adzalamulira" tisanagawikane, popeza chuni chake n'chimodzi. Akandithamangitsa ndibwera ku Nchalo.

LimbaLaNchalo
Bwerani mayi, malo a alito alipo. Muwauzenso kuti ayese kamodzi nyimbo yonse monong'ona, aliyense akumva mnzake wa gulu lina. Zolakwa zonse zimene zimabisala m'phokoso zimatulukira poyera.

Aphunzitsi_aSayansi
Mbuya, tchuthi chikubwerachi ndikufuna ndikajambule malume, dzanja lililonse palokha kenako iwo ndi anzawo awiri pamodzi, ndi mayina a nyimbo komanso amene anawaphunzitsa. Bambo a limba, mungathe kudzazilemba? Solofa ikwanira?

LimbaLaNchalo
Solofa inama, chifukwa idzakakamiza manotsi a valimba kulowa mu do re mi. Bola tipatse thabwa lililonse nambala, tijambule mabokosi, bokosi limodzi kugunda kumodzi, mzere wa dzanja lamanja ndi wa lamanzere. Mwana wa sitandade 6 akhoza kuwerenga zimenezo.

MbuyaWaTengani
Pamenepo ndiye mwayamba kuyankhula. Koma musapite chimanjamanja ngati ofufuza ena aja. Malumewo muwalipire, ndipo kope loyamba litsale m'nyumba mwawo. Komanso valimba sailiza masana dzuwa lili pamutu, mukonzeke kugona komweko.

Kabaza_Ngabu
Za ulendo musadandaule, njinga ilipo. Mafuta okha mugawane.